Batani Lolira la a Sajeni

A Sajeni sanapiteko kunkhondo. Mfuti sanaigwirepo, ndipo nkhuku ikafunika kuphedwa pakhomo pawo, mpeni ankagwira ndi akazi awo. Ntchito yawo inali utelala. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, mumsewu wopita kusiteshoni, phazi pa chopondera cha makina, tepi m'khosi, choko kuseri kwa khutu. Dzina la usajenilo anawapatsa ndi mnzawo wokonza mawotchi amene ankakhala naye khonde limodzi, chifukwa cha matenda awo otola zinthu za asilikali akale.

"Sajeni, lero talanda mudzi uti?" a Mawotchi ankawalonjera choncho m'mawa uliwonse.

"Talanda buluku la aphunzitsi. Adani analowera kumbuyo."

"Ovulala alipo?"

"Zipi yekha. Koma achira."

Matendawo anayamba ndi batani limodzi. Bambo awo ndiwo anapitadi kunkhondo yaikulu ija, n'kubwerako ndi chifuwa chosatha komanso jasi lalitali la mabatani amkuwa. Za kunkhondoko sankanena. Bambowo anamwalira a Sajeni ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anaikidwa atavala jasilo. Koma bokosi lisanatsekedwe, amayi awo anadula batani la pakhosi n'kumufumbatitsa mwanayo. Chithunzi cha bambowo panalibe, kalata panalibe. Chimene chinatsala ndi batanilo basi.

Kuseri kwa njanji kunali chigwa chimene asilikali anamangapo misasa nthawi ya nkhondo, kenako anthu anatsegulamo minda. Mvula yoyamba ikagwa, nthaka inkalavula zinthu. Loweruka masana a Sajeni ankafunditsa makina nsalu, n'kutenga kathumba ndi kakhasu, n'kumayenda m'mizere maso ali pansi ngati munthu wotaya singano. Alimi anawazolowera mpaka kumawasungira zimene khasu lafukula. Motero m'kabati ya kuchipinda munadzaza makoko a zipolopolo, zitsulo za malamba, supuni yopindika, chigubu cha madzi chobooka, ndi chisoti chachitsulo chimene mayi wina ankamwetseramo abakha. Chisoticho anachiombola pomusokera mayiyo diresi.

Akazi awo, amene mumsewu monse ankangowatchula kuti Mayi, zinthuzi sankazikonda. Kwa iwo zinali zinthu za anthu akufa.

"Anzanu akapita kumunda amabwera ndi ndiwo," ankatero, "inu mumabwera ndi dzimbiri."

"Dzimbiri silivunda, mayi."

"Nanga limadyedwa?"

Chimene chinawafewetsa mtima ndi pemphero. Banja likamapemphera lisanadye, a Sajeni akatha kutchula ana ndi odwala, ankawonjezera kuti, "Mukumbukirenso eni ake a zinthu zili m'kabatimo, amene mayina awo mukuwadziwa ndinu nokha." Mayi ankavomera Amen ndi mtima wonse. Komabe kabatiyo sankaitsegula. Ankangopukuta fumbi pamwamba n'kudutsa.

Mwa zonsezo, a Sajeni ankakonda mabatani. Anali nawo makumi awiri ndi atatu ofanana ndendende, ondanda panyula yofiira m'chitini cha mabisiketi. Lililonse analimangirira ndi ulusi kachidutswa ka nsalu yoyera, n'kulembapo ndi inki malo ndi chaka chimene analitola: pamtsinje, pansi pa mlatho, m'munda mwa agogo olumala mwendo. La bambo awo linali pakati pa anzake, ndipo kansalu kake kanangoti, "La bambo." Mayi atafunsa chifukwa chosalisungira palokha, anayankha kuti msilikali sagona yekha. Mabataniwo sankawakwecha. Anada, ena anachita kubiriwira. A Mawotchi ankadziwa chifukwa chake, poti anauzidwa pakhonde paja kuti dzimbiri ndi imvi za chitsulo. Mayi sanauzidwepo. Ankangoona ngati ndi ulesi wa amuna pa zotsuka.

Ukalamba unayambira m'makutu. Phokoso la makina la zaka zonse zija linawagonthetsa, moti Mayi ankachita kufuula ngati akuitana munthu wa tsidya lina. Kenako ng'ala inaphimba maso, ulusi n'kumakana kulowa pasingano. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kuti akawachite opaleshoni, ndipo kuchipatalako anagona masiku anayi.

Mayi anatsala okha m'nyumba. Tsiku lachiwiri, akusesa kuchipinda, anaima patsogolo pa kabati ija, chisoni n'kuwagwira. Munthu wakhala mumdima zaka ziwiri, akadzatsegula maso adzaone zakuda bii? Anatenga chitini chija, phulusa ndi mandimu. Anadula tiulusi tonse ndi sizasi, n'kukhuthulira mabatani m'beseni monga amachitira ndi masupuni. Tinsalu tija nato tinali titada ndi manja a zaka zambiri. Anativiika m'madzi a sopo, kutichapa, n'kutiyanika pachingwe. Anakwecha mpaka zala kuwawa, akuimba nyimbo za kukwaya, ndipo mabatani anawala ngati opangidwa dzulo.

Pokaanula tinsaluto m'pamene anaona kuti alakwa. Tonse tinali toyera mbee. Inki inali itapita ndi thovu. Ndipo ngakhale ikanatsala, akanadziwa bwanji kuti kansalu aka n'ka batani liti?

A Sajeni anabwera diso likuona. Anaona ming'alu ya pakhoma, anaona imvi za akazi awo n'kuseka kuti, "Kodi munakalamba liti osandiuza?" A Mawotchi, amene anabwera kudzazonda mnzawo, anali atakhala pampando wa pakhomo. Tiyi asanathe, a Sajeni anaitanitsa chitini. Mayi anachibweretsa atachigwira ndi manja awiri, n'kugwada.

A Sajeni anatsegula, n'kuyang'ana mabataniwo.

"Awala," anatero.

"Ndimati mudzaone zokongola, abambo."

"La bambo ndi liti?"

"Sindikudziwa. Ndalakwa ine."

Akanakalipa, mwina zikanapepuka. Koma anangoti, "Mwavutika, mayi. Zikomo," n'kutseka chitini pang'onopang'ono. A Mawotchi anatulutsa kagalasi kawo ka padiso n'kuunika batani lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Chizindikiro chimodzi, kukula kumodzi. "Asilikali akavala yunifolomu amafanana, Sajeni," anatero. Palibe anaseka.

Sabata yonse a Sajeni ankadya ngati mbalame. Papemphero, akafika pa mawu a kabati aja, ankaima n'kulumpha kupita pa Amen. Mayi ankaona ngati awaikiranso mwamuna wawo bambo ake m'manda kachiwiri, ndi manja awo omwe.

Tsiku lina m'mawa, akukoleza mbaula, anagwedeza bokosi la machesi kuti amve ngati mwatsala kanthu. Munali kamtengo kamodzi, ndipo kanalira kuti tche, tche. Mayi anaima, bokosi lili m'manja. Anakumbukira benchi ya kusiteshoni zaka makumi anayi zapitazo, ndi mnyamata wosoka zovala amene analibe mphatso yopatsa namwali. Anatulutsa batani m'thumba, kuliika pakhutu pa namwaliyo n'kuligwedeza. Batanilo linali la zibenthu ziwiri zophatikiza, ndipo m'kati mwake munali kanthu kakang'ono, kaya kamchenga kaya kachitsulo, kamene kankalira motsika. "Bambo akandinyamula n'kumayenda," mnyamatayo anatero, "ndinkamva kameneka pakhosi pawo." Chigonthereni makutu, a Sajeni sanaitchulenso nkhaniyi.

Mayi anasiya mbaula ikufuka. Anakhala pabedi n'kugwedeza mabatani onse pakhutu, limodzilimodzi. Palibe linalira. Anabwerezanso, zii. Misozi ili m'maso, anazindikira kuti madzi a m'beseni aja analowa m'kati, ndipo kanthuko kanamatirira. Anapeza lata lakale kuseri kwa nyumba, kuyalapo mabatani padzuwa, n'kukhala pambali pake ndi kandodo koingitsira nkhuku. Anachita zimenezi masiku atatu. A Sajeni ankangowayang'ana pawindo osafunsa. Pemphero la Mayi linali lalifupi: "Ambuye, si kanthu kakakulu pamaso panu, koma n'kokhako ali nako."

Tsiku lachitatu masana, mabatani akutentha m'zala, lakhumi ndi chinayi linayankha. Tche, tche. Mayi sanathamange. Anagwedeza otsalawo onse kuti atsimikize, ndipo onse anali duu. Ndiye analifumbata n'kupita pakhonde pamene a Sajeni ankacheza ndi a Mawotchi.

"Abambo! Ili! Likulira!"

A Sajeni analiika pakhutu n'kugwedeza. Anasinthira khutu lina. Nkhope inagwanso.

"Mayi, musandinamize pondimvera chisoni."

"Zaka makumi anayi, ndinakunamizanipo ine?"

"Munati mphuno yangayi ndi yabwino."

"Imeneyo ndinalapa kale!"

A Mawotchi analanda batanilo, kuligwedeza pakhutu pawo n'kugwedezera mutu. "Likuliradi. Koma inu simukhulupirira mboni, ndimakudziwani. Tamverani, Sajeni. Ife okonza mawotchi makutu akayamba kufa, wotchi timailuma. Kulira kwake kumadzera m'mano. Lumani."

"Ndilume ndi chiyani?"

"Ndi asilikali anu atatu otsalawo. Aikeni pamzere!"

A Sajeni analuma batanilo ndi mano a m'mbali, n'kuyamba kupukusa mutu ngati mbuzi yokana chingwe. Mayi anatseka pakamwa ndi nsalu kuti asaseke. Kenako mutu uja unaima. Anapukusanso kamodzi, pang'ono, maso atatsinzina. Misozi inatsika m'diso latsopano lija mpaka pakolala.

"Adokotala anati disolo lisalowe madzi," Mayi anatero, nawonso akupukuta awo.

A Sajeni anachotsa batani kukamwa. "Awatu sakulowa, mayi. Akutuluka."

Tsiku lomwelo anadula tinsalu tatsopano. Pa koyamba analemba kuti, "La bambo. Linasowa m'beseni, analipeza ndi mayi." Mabatani enawo malo awo sanadziwikenso, ndipo zimenezi zinawawawa mpaka kumapeto, ngakhale sankanena. Pa kansalu ka lililonse analemba mawu ofanana: "Wodziwa ndi Mulungu." Papemphero mawu a kabati aja anabwerera.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, akusoka zigamba za anthu oyandikana nawo ndi diso lawo limodzi labwino. Kuchigwa sanapitenso, kunamangidwa nyumba. Atamwalira, mwana wawo anafunsa ngati batanilo liikidwe m'bokosi. Mayi anaganiza, n'kukana. Anati apongozi awo aakazi analidula dala kuti lisalowe m'manda.

Chitini chikadali m'kabati. Mvula yoyamba ikagwa, fungo la nthaka likalowa m'nyumba, Mayi amachitsegula, kutenga batani la pakati, kuligwedeza pakhutu kawiri n'kulibwezera pamzere pamodzi ndi anzake. Mabataniwo ayambanso kuda, ena ayamba kubiriwira m'mbali. Mayi amawasiya choncho.