Nyali za Ngolo ya Amalume

Fungo la labala wopsa limandibwezera kwathu mpaka lero. Amalume anga, a Gerevazio, analibe chosendera mawaya, ndiye ankayatsa machesi n'kuwamba nsonga ya waya, kenaka n'kukanda khungu lake ndi chikhadabo lisanazizire. Utsi wake unkayabwa pakhosi, n'kusakanikirana ndi fungo la dothi la mbatata ya kachewere imene amayi ankaunjika pakhonde. Inali nyengo yachisanu. Nkhungu inkatsika m'phiri la Mphunzi m'mawa uliwonse, ife ana miyendo ili mbuu, zidendene zitang'aluka. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo chaka chimenecho matako anga sanakhazikike pansi.

Atate anali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo kunali ku Linthipe, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Lilongwe. Atalima munda wa apongozi awo zaka zambiri, anapempha chitengwa, kuti atenge amayi akakhale nawo kwawo. Amalume ndiwo anali mwini mbumba. Anazengereza, kenaka analola, koma anaikapo mawu akuti mwana mmodzi atsale pamudzi ndi amayi aakulu, a Rozina. Ana tinalipo awiri basi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Sitefano. Nkhaniyi ndinaimva nditabisala kuseri kwa nkhokwe, koma dzina la wotsalayo sindinalimve, chifukwa nkhuku zinayamba phokoso pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo ndinkagona ndi funso limodzi n'kudzuka nalo.

Galimoto m'mudzi monse inali imodzi, pikapu yakale ya amalume, yotuwa, yolira movutikira ikazizidwa. Ankatengera mbatata ndi kabichi ku msika wa Linthipe. Analinso ndi ngolo yokoka kumbuyo, imene anaikhoma okha ndi matabwa a paini pa mateyala a galimoto ina yakufa. Ngoloyo ndiyo inayenera kunyamula bedi, kabati, makina osokera a amayi, malata ndi matumba a chimanga. Vuto lake inalibe nyali. Ulendo wina apolisi a pamsewu waukulu anawaimitsa, n'kuwalamula kuti aimasule aisiye pambali, mbatata ili momwemo. Masiku amenewo munthu sunkatsutsana ndi wovala yunifolomu. Ngakhale anyamata ofunsa khadi la chipani pachipata cha msika unkangowayankha kuti inde bwana. Choncho amalume analumbira kuti katundu wa mlongo wawo sadzatsitsidwa pamsewu anthu akuonerera. Ulendo wonse unadikira nyali.

Anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi soketi yakale yachitsulo, ya timabowo tisanu ndi tiwiri, pulagi yake, ndi chingwe chakuda chonenepa ngati chala. Atachisenda, m'kati munatuluka timawaya tamitundumitundu, tokongola kuposa mikanda: kofiira ka buleki, kachikasu ka kumanzere, kobiriwira ka kumanja, koyera, kakuda, ndi tina. Anaboola chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto n'kumangirirapo soketiyo. Kenaka anayala chiguduli pansi n'kulowa chagada kunsi, kuti alumikize kawaya kalikonse ku waya wa nyali za galimoto. Kunja kunkangooneka mapazi awo, atavala nkhwaira za teyala.

Ntchitoyo inkafuna munthu wina wokhala kutsogolo, woponda buleki ndi kukankha kamtengo ka indiketa iwo akafuula. Sitefano atangogwira chitseko, ndinamukoka malaya n'kulowa ine. Nzeru yanga inali yakuti mwana wodziwa za galimoto sangasiyidwe. Galimoto ikanyamuka iyenera kunyamuka naye. Miyendo yanga inali yaifupi, moti ndinkatsetsereka pampando, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse, n'kuponda buleki ndi mapazi awiri. M'katimo munkanunkha petulo, fodya ndi anyezi. Mpando unali wong'ambika, ndipo kasipuling'i kena kankandibaya m'ntchafu, koma sindinadandaule ngakhale kamodzi.

"Ponda, Felista!" ankatero amalume ali kunsi.

"Ndaponda!"

"Waponda ndi mwendo kapena ndi pakamwa?"

Nyalizo zinali ndi mwano. Ndikaponda buleki, zonse zinkayaka pamodzi mofooka ngati makala othera. Ndikakankhira kamtengo kumanzere, ya kumanja ndiyo inkaphethira. Tsiku lina fyuzi inapsa, amalume n'kuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, nayonso n'kununkha. Babu imodzi inasweka Sitefano ataikhalira, ndipo kugula ina kunayenera kudikira tsiku la msika. Panagwa maliro ku Kaphuka, galimoto n'kupita kukanyamula anthu. Panabwera sabata ya kukumba mbatata, mawaya n'kumangolendewera kumbuyo, atakulungidwa m'kapulasitiki. Chisanu chinatha, mphepo ya fumbi inayamba, mapichesi a kuseri kwa nyumba anachita maluwa, ife tikadali pomwepo.

Kusukulu ndinkangoyang'ana pazenera. Belu likalira ndinkathamanga osadikira anzanga, kuopa kuti ndikapeza anthu atapita. Kunyumba ndinkafufuza nkhope za akuluakulu. Amayi akandipatsa chipande chachikulu cha mbatata, ndinkadzifunsa: kodi akunditsanzika? Akandikalipira, ndinkasangalala, poti munthu sukalipira mwana amene ukumusiya. Ndinayamba kutamanda Sitefano pamaso pa amayi aakulu, kuti amadziwa kuweta mbuzi, sadya zambiri, ndiponso sadwaladwala. Iwo ankangondiyang'ana n'kupitiriza kusankha nyemba. Madzulo popemphera kolona maondo anga ankayabwa pamphasa, ndipo ndinkathamangitsa Tikuoneni Maria mpaka amayi kunditsina. Tsiku lina ndinapinda diresi langa la kutchalitchi n'kuliika m'ngolo, pansi pa thumba. Mawa lake ndinalipeza lili pachingwe m'nyumba.

Atate nawo mtima unali m'mwamba. Ankafuna kukafika kwawo mvula isanagwe kuti akaunde mizere, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana kumwamba asanasambe n'kumaso komwe. Koma mkamwini sakalipira mlamu wake pabwalo la eni. Posowa chochita ndi manja awo, anali atagula utoto wabuluu n'kupaka ngolo yonse, matabwa ndi zitsulo zomwe, kawiri konse, kuti abale awo akaone kuti sanabwere ngati wothawa. Ankazungulira galimoto manja ali kumbuyo, akutsokomola chifuwa chimene analibe.

"Alamu, mitambo ija yayamba kusonkhana," anatero tsiku lina.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," anayankha amalume, osatulutsa mutu.

Mwambi umenewo ndinadana nawo kwambiri. Nkhono ndinali nditaziona zambiri kudimba, ndipo maso ake sanandithandizepo kanthu.

Yankho linapezeka Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo. Amalume anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa kawaya koyera kamene anakamangirira ndi bawuti ku chitsulo cha ngolo. Anatulutsa mpeni n'kupala pamenepo. Utoto wa atate unasendeka wokhuthala ngati chikhokho cha m'poto, chitsulo n'kuonekera chonyezimira. Anamanganso kawayako pa chitsulo chenichenicho, n'kusinthanitsa kachikasu ndi kobiriwira m'soketi, n'kulowetsa pulagi.

"Moto umafuna njira yobwererera," anatero. "Inu alamu munaitseka ndi kukongoletsa kwanuku. Ponda, Felista!"

Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Kumbuyo kunamveka mfuu. Sitefano ankalumpha, amayi aakulu analuluta, atate anaseka mokweza ngati si iwo amene anachedwetsa ulendo. Nditakankhira kamtengo kumanzere inayaka ya kumanzere, kumanja ya kumanja. Ine ndinaimba hutala osauzidwa, nkhuku n'kubalalika. Ndinatsika ndili ndi matama, ndikuyembekeza kuti wina anena kuti mwana uyu ndiye wathandiza, akakhale kutsogolo.

Amayi sanaseke nawo. Anandiitana kuti ndikawasenzetse ndowa kuchitsime, ngakhale m'mitsuko munali madzi. Tinadutsa m'munda mwawo, mapesi akuthyoka kumapazi, mpaka pa mtengo wa muwanga umene unali malire athu. Pamenepo anatula ndowa, n'kundikonza kolala ya diresi imene sinapindike n'komwe.

"Iwe ndiwe wamkulu," anatero. "Ukhala ndi amayi ako aakulu. Ku Linthipe si kutali, uzidzabwera pa holide."

Ndinawafunsa chimene ndinalakwa. Anati palibe. Ndinawauza kuti buleki ndaponda ndine, Sitefano anangoswa babu. Anatembenuka n'kusenza ndowa yopanda madzi. Ndinakwiya kwambiri moti sindinalire. Ndinangotola chibuma n'kugenda muwanga uja.

Ananyamuka Lolemba m'mawa, kumwamba kutachita mdima wa mvula. Bedi analimanga chagada pamwamba pa matumba, miyendo ili m'mwamba, makina osokera atakulungidwa m'bulangeti. Amayi anakhala kutsogolo atamufungatira Sitefano, atate anakwera kumbuyo kugwirira kabati. Amayi aakulu anandigwira dzanja mwamphamvu, podziwa kuti ndithamanga. Galimoto inatsika pang'onopang'ono, ngolo ikudumphadumpha m'mabampu. Pa mphambano ya kumunsi nyali ziwiri zofiira zinayaka, kenaka ya kumanzere inayamba kuphethira. Msewu wonse munalibe galimoto ina, ngakhale njinga, koma amalume anailozabe njira yawo mwa lamulo. Madontho oyamba anagwa fumbi lawo lisanathe, ndipo masana omwewo amayi aakulu anandipatsa khasu la amayi, mpini wake utafupikitsidwa kale.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti anandisiya chifukwa ankakonda Sitefano, ndi kuti amalume anandinyenga, kundipondetsa buleki nyengo yonse akudziwa kuti mpando umenewo si wanga. Za munda sindinkaziganizira. Kwathu nthaka imayenda ndi ana aakazi, ndipo amayi aakulu anabereka amuna okhaokha. Ndikanakwera galimoto ija, munda wa amayi ukanagonera osalimidwa, ndipo munda wogonera suchedwa kupeza mwini wina. Mkazi wa chitengwa amakhala kwa eni. Mwamuna akamwalira, kawirikawiri amabwerera kumene anachokera, ndipo amafunika pofikira.

Atate atamwalira, amayi anabweradi, pa basi, ndi kamtolo kamodzi ndi makina osokera aja. Munda anaupeza wolimidwa mpaka pa muwanga, ndipo anadya za m'menemo mpaka tsiku lawo lomaliza. Nzeru yawo inali yolondola, ndipo lero ndikhoza kuifotokozera mwana aliyense bwinobwino. Koma tsiku limene anafikalo ndinawayalira mphasa, ndinagwada patali n'kuwapatsa moni wa ulemu wonse, monga timachitira ndi alendo. Iwo anayankha moniwo, n'kumandiyang'ana, manja ali pamiyendo, akudikira kuti mwina ndisendera pafupi.