Sikiripiti ya Exildah Itakana Kutola Mafayilo

Lolemba m'mawa Exildah Nkandu adaima kukamwa kuli yasa, maso ali pa kompyuta ya kampani ina ya malole ku Heavy Industrial Area. Pulogalamu yogawira madalaivala maulendo, yomwe iye adaikonza dzulo lake, idatseguka mulibe kanthu. Panja malole khumi ndi anayi adali chiimire, madalaivala akudikira kuuzidwa kolowera.

"Iwe Exildah, mafailo yayenda kuti?" adafunsa a Mutale, bwana wake.

"Ba Mutale, pa kompyuta yanga yenze kusebenza bwino."

"Nakupasa mpaka pa Friday. Ukakangiwa, ubwelele ku Intercity."

Mawuwo adamubaya chifukwa ku Intercity, siteshoni ya mabasi, n'kumene adachokeradi. Atalephera Giredi 12 kawiri, adagulitsa mazira owiritsa pakati pa mabasi kwa zaka zitatu. Kenako adapeza ntchito yosesa m'kafe ya intaneti ku Kabwata, ndipo makasitomala akachepa ankakhala pa kompyuta n'kumadziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Mu 2011 kakampani ka a Mutale kolemba mapulogalamu ku Woodlands kadamutenga kuti kamuyese miyezi itatu.

Ntchito yake inali kulemba sikiripiti, mndandanda wa malamulo ouza kompyuta mafayilo oti itole n'kumanga pamodzi kuti pulogalamu ituluke. Vuto lake linali lakuti makompyuta onse a m'kafe muja anali a Windows, ndiye Exildah ankaganiza kuti dziko lonse ndi Windows. Potola mafayilo adagwiritsa ntchito lamulo la Windows yokha, pomwe kompyuta yomangira pulogalamu yopita kwa kasitomala wa malole uja inali ya mtundu wina wotchedwa Linux. Lamulolo litakanidwa, sikiripiti idangopitirira chimanjamanja, n'kulemba mopanda manyazi kuti zonse zatheka.

Exildah adalira m'minibasi mpaka ku Kabwata. Ine sindimuweruza, inunso mukadalira.

Kutacha adapita kwa mayi Beatrice, eni kafe ija, n'kubwereka kompyuta yakale yomwe inkangodya fumbi pakona. Adaikamo Linux, ndipo adadzidzimuka kuona kuti ngakhale kalembedwe ka njira yopita ku fayilo n'kosiyana. Masiku atatu adalemba, kuyesa uku, kuyesa uko, kufufuta n'kuyambiranso.

Adasiya kubwereka malamulo a Windows kapena a Linux. Adauza chida china chomangira mapulogalamu kuti chizisankha chokha mafayilo potengera mtundu wake, popeza chidacho chimagwira ntchito mofanana paliponse. Adawonjezanso kamzere kena: sikiripiti ikapanda kupeza fayilo, iime ndipo inene.

Lachisanu a Mutale adandandalika makompyuta atatu pa tebulo. Pa Windows zidayenda. Pa Linux zidayendanso. Koma pa yachitatu, laputopu ya Apple ya bwanayo, sikiripiti idaima n'kutulutsa zilembo zofiira: Palibe fayilo, sindipitiriza.

Exildah adangonyamula chikwama chake n'kulunjika kukhomo.

"Uyenda kuti?" adafunsa a Mutale.

"Yakangiwa futi, ba Mutale."

"Nenze nachosamo mafailo yonse dala. Nenze kufuna kuona ngati izanama monga pa Monday."

Bwanayo adabwezera mafayilo aja, n'kuyesanso. Sikiripiti idatola onse, osasiyako ngakhale imodzi, ndipo pulogalamu idatuluka yathunthu. Exildah adakhala pampando, chikwama chikadali m'manja.

"Ubwele na NRC yako, tisaine mapepala," adatero a Mutale, kunena chiphaso chake cha unzika kuti amulembe ntchito. "Ine nifuna muntu wamene makina yake yakamba zoona."

Inu amene mwalakwitsa anthu akuona, mpaka kufuna nthaka itang'ambika mulowemo, ndikunena ndi inu. Kusadziwa si mlandu, ndipo kugwa nkhope si kutha ntchito. Bwererani pomwe padavutapo, mufufuze chidalakwika, mukonze ndi manja anu. Musataye mtima tsiku lanu la Lachisanu lisanafike.