Mwini Katoni wa ku Mkhumba

Aneba anga, mphunzitsi wopuma ntchito, amadana ndi zoti munthu mmodzi agwire msika yekha. Ali mnyamata anakhalako ku Mozambique, nthawi imene boma linkati sitolo ndi munda zikhale za anthu onse. Mpaka lero akaona venda wogula nandolo akuika mtengo mmene wafunira, amapukusa mutu n'kunena kuti, "Wogula akatsala yekha, sikelo imalankhula zofuna iyeyo."

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amayala pakhonde masewera a pakatoni amene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni, aja ogula malo ndi nyumba mpaka mmodzi atalanda anzake zonse. Koma iwo anasintha malamulo. Wina akangoyamba kulemera, amamulanda nyumba n'kugawira amene asauka. Zaka zitatu tsopano, palibe anawinapo.

Lamlungu lina a Tikondwe, anesi a kuchipatala, atalandidwa nyumba ziwiri anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, poti zonse n'za tonse, bwanji katoniyu azizungulira? Sabata ino akagone kwathu, yamawa kwa anzathuwa a Laston."

Aphunzitsi anatola madayisi pang'onopang'ono n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Imeneyo ndi nkhani ina," anatero. "Mkhumba yense katoni wotere ndi yekhayu. Amene sakufuna malamulo anga akasewere kwina."

Kwinako kulibe. Lamlungu lotsatira tonse tinabwera, ndipo a Tikondwe ndi amene anayamba kufika.