Tsiku Limene Makina a Ababa Anavula Mneneri

Ndikukumbukira fungo la oyilo ndi chitsulo chotentha m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yathu, pa komboni ya esiteti ya tiyi kunja kwa Chipinge, m'dziko la eni, kutali ndi ku Malawi kwa makolo athu. Ababa anali makaniko ku fakitale, koma mtima wawo wonse unali pa makina osemera zitsulo amene mzungu wina anawasiyira pochoka m'dziko. Dzina la makinawo m'Chingerezi limafanana ndi la chigayo, moti sabata yoyamba amayi ena anabwera atasenza chimanga, n'kubwerera akutukwana.

Makinawo anali ndi timawilo ta zogwirira. Ukapukusa kena tebulo linkapita kumanja, ukapukusa kena linkabwera kwa iwe, mpeni n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono, zinyenyeswa zikugwa zopotanapotana. Ntchito yopukusayo inali yanga. Achimwene anga anali a mpira. Ine, kamtsikana ka giredi faifi, ndinkamva m'chikhatho chitsulo chikamalola ndi chikamakana, ndipo ndinkadzimva kwambiri. Zinali zaka zija masitolo a m'tauni ankagulitsa mashelefu okhaokha. Chitsulo cha pampu kapena cha njinga chikathyoka, anthu ankabwera kwa ife, n'kutisiyira nthochi kapena mapeyala.

Kenako Ababa anagwidwa ndi matenda a kompyuta. Ku ofesi anataya kompyuta yakale ndi makina okopera mapepala, iwo n'kutola zonse. Anachotsamo timamota, n'kubwereka buku kwa mphunzitsi wina wa ku Mount Selinda. Kwa miyezi ingapo kutchalitchi ankangowamva mbiri. Bukulo linkati mamota akalowa, timawilo tichoke. Tsiku lochotsa litafika ndinakhalira sipanala pansi, n'kuyamba kulira ngati pamaliro.

“Musiyireni mwana zogwirira zakezo,” anatero Amayi ali pakhomo. “Kompyuta yanuyo ikadzanyanyala mudzapukusa ndi chiyani, mano?”

Ababa anagonja. Anamangirira mamota kuseri kwa timawilo ndi timalamba, kuti makina azimvera kompyuta komanso manja.

Palibe amene anaganizira mmene zidzaonekere. Kompyuta ikamayendetsa makina, timawilo tinkazungulira tokha, zogwirira zikupita m'mwamba ndi pansi ngati pali manja osaoneka. Loweruka lina magetsi atabwera, Mai Tendai a nyumba yoyandikana anabwera kudzapempha mchere. Anasuzumira m'kashedi n'kuona Ababa atakhala pa ndowa akumwa tiyi, ntchito ikuyenda yokha. Mchere sanatenge.

Pofika Lolemba komboni yonse inali itadziwa kuti Mnyasa uja, kunena Ababa, ali ndi chikwambo, kamzimu kamene amati kamagwirira munthu ntchito n'kumadya ana a anzake. Nthochi zathu zinasanduka umboni. Kusukulu benchi yanga inakula mwadzidzidzi. Lero ndimaseka, koma Amayi sankaseka. Ababa anabadwira pa esiteti pomwepo, koma chitupa chawo chinkati ndi mlendo, ndipo masiku amenewo mawu oti “bwererani kwanu” sankachedwa kutuluka. Nkhani ikanafika ku ofesi, ntchito ndi nyumba zikanapita limodzi, ndipo ku Malawiko sitinkadziwako ngakhale mtengo umodzi.

Akuluakulu a komboni anagwirizana kuti aitane Madzibaba Eliya, mneneri wa Apositoli. Mkati mwa sabata ankathyola tiyi ngati wina aliyense, koma tsiku limenelo anafika mutu ukunyezimira, ndevu zili pachifuwa, mkanjo woyera mbee ukukwekwesa pansi, ndodo kudzanja lina, botolo la madzi opempherera kudzanja lina. Anthu anadzaza bwalo mpaka kuponda masamba a Amayi.

Ababa anayesa kufotokoza za mamota ndi mawaya. Madzibaba anakweza dzanja.

“A Phiri, zachizungu ayi. Chiuzeni chidzuke, ndichione.”

Ababa anandiyang'ana, ine n'kudina batani. Makina analira, timawilo n'kuyamba kuvina. Azimayi anakuwa. Madzibaba anayamba kupemphera m'Chishona, atatenthedwa analowa Chinyanja cha makolo awo cha ku Mulanje, akusendera pafupi, akuwaza madzi. Ababa anafuula kuti madzi asafike pa kompyuta, ndipo anthu anati ee, mwamva, chikuopa madzi.

Pamenepo chogwirira cha kutsogolo chinakola mkanjo. Chinaukulunga kamodzi, n'kuukulunganso, mwaulemu ndithu, mopanda changu. Madzibaba anawerama osafuna. Pemphero linasanduka “mayo ine!” Anagwada, nsalu n'kukwera kumsana mpaka kuphimba mutu, ndipo komboni yonse inaona kabudula wa zigamba ndi sikipa yofiira yotsatsa mowa. Sindikuwaweruza. Zaka zimenezo munthu ankavala chimene wapeza.

Ine ndinazula pulagi pakhoma. Makina anakhala chete, koma mneneri anali atamangidwa ndithu, ndevu zitatsala pang'ono kulowa nawo. Wina anaitanitsa mpeni kuti adule mkanjo. M'kati mwa nsalu munatuluka mawu oti amene adule aona zakuda, chifukwa mkanjo unali umodzi womwewo. Ndiye ndinagwada, n'kugwira chogwirira changa, n'kuyamba kupukusa chobwerera, pang'onopang'ono, mpaka mutu wonyezimira uja unatulukira.

Anaimirira, n'kukonza mkanjo umene tsopano unali ndi mizere ya girisi. Palibe anaseka, ngakhale ndinaona mapewa a Mai Tendai akugwedezeka. Madzibaba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira ku gulu.

“Mwaona nokha. Chinandigwira, koma ndachithyola msana. Pano chikumvera ngakhale mwana wamkazi. Banja ili musalivutenso.”

Ababa anatsegula pakamwa kuti atsutse, Amayi n'kuwaponda phazi. Nkhani inathera pomwepo, ndipo sitinasamuke. Amayi anachapa mkanjo uja ndi sopo amene ankasungira Khirisimasi, Ababa n'kupanga zogwirira zopindika kuti zisamakole anthu a Mulungu.

Lero ndimagwira ntchito pa makina oterewa ku Mutare. Ndi aakulu, otsekeredwa m'bokosi la galasi, ndipo chitseko chikakhala chotsegula sayenda n'komwe. Alibe chogwirira ngakhale chimodzi. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa amadziwa manambala kundiposa, koma kompyuta ikazima amangopinda manja. Ana a pa komboni paja masiku ano amalankhula ndi foni n'kumayankhidwa, ndipo palibe amene amathamangira mneneri.

Madzibaba Eliya anamwalira ali nkhalamba, ndipo ndinapita kumaliro. Mlaliki anafotokoza mmene munthu wa Mulunguyo analimbanirana ndi chiwanda cha chitsulo ali yekhayekha, n'kuchigonjetsa pamaso pa anthu. Za sikipa sanatchule. Mpingo wonse unati Ameni, ndipo ine ndinati Ameni mokweza kuposa onse.