Mkangala ndi Sinamwe Tiyi

Timu yathu ya mpira inali ya pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Chamama, ndipo ine ndinali goloboyi wake kuyambira ndevu zisanamere mpaka bondo litakana. Ankanditcha Sefa, ati mipira inkangodutsa mwa ine ngati ufa. Dzinalo ndinalikana, ndinamenyana nalo ndi anthu, koma mpaka lero mkazi wanga akapsa mtima amandiitana lomwelo.

Pabwalo pathu munthu sankasewera ndi dzina la kwawo. Tsiku loyamba kuvala jezi, ochemerera ankakuyang'anitsitsa, ndipo mpira usanathe unkakhala utabatizidwa kale. Panali Jeke, wotchinga kumbuyo, amene ankafinya anthu ngati mmene jeke amafinyira fodya pomanga belo. Panali Matalala, yemwe akalowa m'bwalo ankawononga za adani ndi za eni zomwe. Panali Amayi Akubwera, munthu wa ndevu zake, amene tsiku lina anathawa mpira uli mkati ataona mayi ake akutulukira ndi ndodo chifukwa mbuzi zinalowa m'nazale. Wina tinkamutcha Mvula Yakana, poti chaka chonse sanamwetseko chigoli ngakhale cha ngozi.

Ife a m'midzi yozungulira tinali ndi maina ena, a kutchalitchi, ndipo agogo athu ankadziwika. Koma matenanti ndi anyamata awo ankabwera pa malole nthawi ya nazale, n'kuchoka msika wa fodya ukatsekedwa. Kwa iwo dzina la pabwalo linali lokhalo. Ambiri ankalikonda choncho, chifukwa ena anathawa bwana wankhanza kwina, ena anasiya milandu kwawo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo ife tinkamva ngati akutiuza kuti tisadzivute n'kufunsa zambiri.

Chaka china kunabwera anyamata awiri a kummwera, ogwira ntchito kwa matenanti. Onse anali aatali, owonda, akuda bii, ndipo onse ankasewera kutsogolo. Woyamba tinamutcha Mkangala, ndodo yopachikira fodya m'chigafa. Wachiwiri akanakhalanso Mkangala, koma dzina linali litatengedwa. Iye ataphonya chigoli ali yekhayekha ndi goloboyi, anatambasula manja n'kunena kuti sanamwe tiyi. Bwalo lonse linafa ndi phwete, ndipo kuyambira pamenepo anali Sinamwe Tiyi. Ankanena zoona. M'nyengo ya mvula anyamata amenewo ankadya kamodzi patsiku, nthawi zina chimanga chokazinga ndi madzi basi, koma ife tinkangomva nthabwala.

Sinamwe Tiyi anafa fodya ali m'zigafa. Kunabwera mvula ya mkuntho masana, iye ali pamwamba akupachika mikangala, ndipo chigafa chodzaza fodya wamuwisi chinamugwera. Tenanti amene ankamugwirira ntchito anati anangomupeza pa lole ndipo ankamuitana kuti mphwanga. Mkangala anati anakumana panjira, ankangodziwa kuti mnzakeyo kwawo n'kufupi ndi phiri. Tinamuika m'mphepete mwa manda athu, kumene timaika alendo. Msika utatsekedwa, Mkangala anakwera lole yolowera ku Zambia, ndipo palibe anamvanso za iye.

Patapita zaka, esiteti ija inagwa. Kapitawo wake anamwalira, zigafa zinathera pamoto, minda anthu anadzalamo soya ndi mtedza. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, anthu akuyembekezera mvula yoyamba, ana anandibweretsera mayi wina wachikulire, wa kachikwama ka pulasitiki ndi mapazi ong'aluka. Kugolosale anawauza kuti za mpira wa pa esiteti akafunse Sefa. Malankhulidwe awo anali a kummwera. Atamwa madzi anati akufunafuna mwana wawo, amene anakwera lole ya ku fodya ndipo sanabwererenso. Uthenga anatumizako kamodzi kokha, kudzera mwa munthu, wakuti ali pa esiteti kufupi ndi Chamama, ali bwino, ndipo akumwetsa zigoli. Kenako anatchula dzina lake, lonse, ndi la bambo ake lomwe. Linali dzina labwino, koma ine ndinali ndisanalimvepo.

Chaka chimene anati mwanayo anachoka kwawo chinali chomwecho cha anyamata awiri aja. Ndinaona kuti mwana wawo ndi mmodzi mwa iwo: kapena amene ali m'manda athu, kapena amene anapita ku Zambia. Sindinawabisire. Anandiyang'ana osaphethira, n'kufunsa kuti nanga wawo ndi uti.

Ndinaitanitsa Jeke, Matalala ndi Amayi Akubwera, tonse tsopano a imvi ndi mimba. Tinakhala pansi pa mango, mayi aja pamkeka chapambali. Ndikanadziwa sindikanawaitana. Anthu a mpira ndi anthu a mpira. Pasanathe nthawi anali atayamba kukumbutsana chigoli chimene Mkangala anamwetsa ndi mutu ku Lukwa, Matalala ataimirira kuonetsa mmene anadumphira, Jeke akutsutsa kuti mpirawo unali utatuluka kale. Amayi Akubwera anayamba kutsanzira kathamangidwe ka Sinamwe Tiyi, ndipo onse anaseka mpaka misozi. Ndinawakalipira kuti pali mayi pano, si kumowa kuno. Anazyolika ngati ana ogwidwa akunyambita shuga.

Ndiye mayi aja anayamba kufunsa, modekha. Anati mwana wawo anali ndi kampata pamano akutsogolo. Jeke anati ameneyo ndi Mkangala. Matalala analumbira pali Mulungu kuti kampata kanali ka Sinamwe Tiyi. Mayi aja anati mwanayo akapsa mtima ankachita chibwibwi. Palibe anakumbukira. Anawonjezera kuti ankaimba kwaya, ndipo nyama ya nkhumba inkamutulutsa ziwengo. Ife tinangoyang'anana. Nyama akanaiona kuti pa esiteti paja? Ndipo Lamulungu lililonse tinkawaona masana okha, pabwalo.

Jeke, pofuna kuthandiza, anati nkhani yake ndi yosavuta: Mkangala ankamenya ndi mwendo wamanzere, Sinamwe Tiyi wamanja. Anafunsa kuti mwana wawoyo ankamenya ndi uti.

"Bambo, ine kubwalo sindinapiteko," anayankha. "Ndikudziwa phazi limene anapsa nalo pamoto akuphunzira kukwawa. Lomenyera mpira sindikulidziwa."

Anyamatawo ankasewera opanda nsapato, inde, koma mapazi awo ankakhala fumbi lokhalokha. Akuluakulu amene anasambitsa thupi la Sinamwe Tiyi nawonso anatsikira kulichete kalekale. Ndinamva chisoni, ndiponso mkwiyo umene ndinalibe pouika. Tinkadziwa mmene anyamatawo ankathamangira, mmene ankadumphira, ndi amene ankaopa kugundana. Mayi awa ankadziwa zina zonse. Koma zathu ndi zawo sizinakumane pena paliponse.

Anapempha kuti akaone manda. Kwathu kumanda sikulowedwa wamba, choncho ndinakapempha kwa akuluakulu, ndipo m'mawa mwake anatipatsa mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, kuti atitsogolere. Mtumbirawo unali utatitimira, udzu utamera thoo. Mtanda wachitsulo umene timu inasonkherana unali chilili, utoto wake ukuonekabe. Mayi aja anaima n'kundiuza kuti iwo sukulu sanapite, ndiwawerengere zimene zalembedwapo.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Tsiku la maliro mkulu wa mpingo anafunsa dzina, panalibe wodziwa, ndipo wolemba mtanda analemba limene tonse tinkalidziwa. Ndinawerenga mokweza, pamaso pa mayi woti mwina ndi amene anamubereka: "Sinamwe Tiyi."

Mayi aja anatembenukira kwa ine. Kenako anafunsa ngati limenelo ndi dzina limene tinamuperekeza nalo kwa Mulungu. Ndinavomera. Mkulu wa adzukulu anayang'ana kumbali.

Ndinkayembekezera kuti mayi aja agwa pansi n'kuyamba kubuma, ndipo ndinali nditakonzeka kuwagwira. Koma sanagwe. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Ndikalira pano iye ali moyo, ndiye kuti ndamupha ndine," anatero. "Ndikapanda kulira iye ali pansipa, ndamutaya. Ndiuzeni inu, bambo, ndichite chiti?"

Atadikira n'kuona kuti sindiyankha, anagwada n'kuyamba kuzula udzu pa mtumbira paja ndi manja, mosamala, mpaka ponse panayera. Sanakhetse msozi ngakhale umodzi. Atadzuka anasasa fumbi pa chitenje chawo, n'kundifunsa kumene anthu amakwerera malole opita ku Zambia.