Funso la Anamsana

Kuntchito kwathu, kumene timachapa ndi kusita nsalu za m'mahotela, kupweteka kwa msana si nkhani. Tsiku lonse munthu umakhala chiimire, simbi m'manja, nthunzi kumaso. Ukati "msana wanga ine," anzako amangoti "pepa" osacheuka n'komwe. Koma mayi wina wa patebulo la pakona, akamva mawu amenewa, amaimika simbi n'kukuyandikira.

"Ukupweteka bwanji? Mosalekeza, kapena ukumabwera n'kupita?"

Amafunsa aliyense, ngakhale ine amene ndinasiya kubereka kalekale. Tsiku lina anafunsa mpaka dalaivala wotenga nsalu, bambo wa ndevu zake. Tinaseka mpaka misozi, dzina n'kumera pomwepo: Anamsana.

Chiyambi cha funsoli anandiuza okha, kamodzi kokha, tikupinda nsalu ya pabedi, iwo uko ine kuno. Ali mtsikana, patebulo lomwelo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Msana unayamba m'mawa. Anzawo anati, "Ndi simbi imeneyo, uzolowera," n'kuwamanga nsalu m'chiuno monga amachitira ositafe. Anasita mpaka madzulo. Pofika kuchipatala mwana anali kale panjira, kamnyamata. Kanapuma pang'ono n'kusiya, iwo osakagwira n'komwe. Mimba ina sinabwerenso, ndipo bambo a kunyumba anakapeza wina wobereka.

Kuyambira pamenepo amakhala okha m'kachipinda kuseri kwa omata matayala, mpando umodzi, kapu imodzi. Nthawi yopuma atsikana amawathawa. Nanga ndani angakonde kudya akufunsidwa ngati anapita kusikelo, ngati mkodzo ukuwotcha, ngati wapumitsako miyendo? Kunena zoona, Anamsana amatopetsa. Komabe kuwaona akudya okha pafupi ndi mulu wa matawulo kumandiwawa mumtima.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wolongolola, tinamutcha Wailesi. Mimba yake itangooneka, Anamsana anamukankhira mpando kuti azisita atakhala.

"Mayi inu, mimba ndi yanga, msana ndi wanga," anatero Wailesi, n'kubweza mpandowo ndi phazi.

Patapita miyezi, tsiku lina Wailesi anazima. Analowa mwakachetechete, mnzake wina n'kumumanga nsalu m'chiuno. Enafe tinangoti ndi zomwe zija. Koma Anamsana ankayang'ana simbi ya mtsikanayo. Wailesi amati akasita pang'ono, aiimika, agwira tebulo ndi manja onse, kenako apitiriza. Posakhalitsa aiimikanso.

"Mwanawe, mimba ikumauma?"

"Ndi simbi iyi, mayi. Masiku anga akadali kutali."

"Inenso anandiuza choncho," anatero Anamsana, akuzula chingwe cha simbiyo pakhoma. "Tiye kuchipatala. Ngati ndalakwitsa, ukanditukwane pobwerera."

Akapitawo anatulukira. "Nanga nsaluzi asite ndani?"

"Zindidikire, ndidzasita ndekha."

Wailesi sanatsutsenso, pakuti ululu unali utabweranso. Dalaivala wa ndevu uja ndi amene anawanyamula.

Kuchipatala anamwino anapeza kuti matenda ayambadi masiku asanakwane. Anamupatsa mankhwala ochedwetsa kubereka ndi jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Anamsana atafuna kulowa m'wodi, namwino wa pakhomo anawafunsa, "Ndinu ndani wake?"

"Timasita limodzi."

"Pepani mayi, muno mumalowa achibale okha."

Anabwerera wapansi, n'kusita milu iwiri, wawo ndi wa Wailesi. Patapita masiku angapo tinamva kuti mwana wabadwa, kamtsikana kochepetsetsa, koma kamoyo. Tonse tinalulutira. Anamsana anangogwedeza mutu, simbi ikuyenda. Sanafunse kanthu, ndipo chipinda chathu chinakhala ngati chasowa munthu.

Kamwana kotere kamafuna kukhala pachifuwa cha munthu nthawi zonse kuti kazimva kutentha. Wailesi analibe womulandira. Amayi ake anamwalira, ndipo mwamuna wake amagwira ntchito kutali. Nditapita kukamuona pakhomo la wodi, ndinamupeza maso ali psuu ndi tulo.

"Mukawatenge Anamsana," anandiuza. Kenako anatembenukira kwa namwino. "Akubwerawo ndi amayi anga."

Anabwera atavala bulauzi yositidwa mpaka kuwala. Namwino anawamasulitsa mabatani, n'kuika kamwanako pachifuwa pawo, n'kumanga nsalu. Manja aja, okakala ndi simbi, anakhala kaye m'malere osadziwa pogwira. Wailesi anagona nthawi yomweyo, pakamwa pali yasa.

Dzuwa linapendeka iwo ali pabenchi yolimba, osasuntha. Namwino podutsa anaima.

"Mayi, msana sukupweteka? Ndimudzutse mayi wa mwanayu akulandireni?"

"Ukupweteka," anayankha Anamsana, maso ali pakamutu kaja. "Musiyeni agone."