Sitima Yoyenda Ngati Mfuko

Kwathu kuno ku Ludzi, kwa zaka zambiri, nkhani ya sitima ikabuka maso onse ankatembenukira kwa ine. Ndili mnyamata ndidakwerapo sitima ya pamtunda kuchokera ku Salima kukafika ku Limbe, ndipo ulendo umodziwo udandidyetsa ulemu mpaka imvi. Misa ikatha, amuna anzanga ankandisiyira malo apakati pa benchi la kuseri kwa tchalitchi.

Chaka chatha mnzanga wina, amene tidaphunzira naye kwa ansembe ndipo masamu ankaonera kwa ine, adaitanidwa ku Joni ndi mwana wake wamkazi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tikiti idabwera imodzi. Atabwerako adayamba kusimba za sitima ya mumzinda yoyenda pansi pa nthaka, ya zitseko zotseguka zokha.

Zimenezo ndikadapirira. Chimene chidandilasa mtima n'chakuti iye sankaitama sitimayo, ankaidandaula. Ati mipando yake njolimba, ati mkati mumazizira mopyola muyeso, ati tsiku lina idachedwa pang'ono mpaka anthu kumayang'ana mawotchi. Ameneyu ndi munthu wozolowera kuuma msana m'minibasi pa Boma, kudikira kuti idzaze. Njanji yathu yopita ku Chipata mbuzi zimagonapo osadzidzimuka, koma iye wapeza pakamwa ponyozera sitima ya eni ake.

Lamulungu lina ndidatsimikiza zomubweza m'malo mwake. Ndidafotokoza modekha, monga ansembe adatiphunzitsira, kuti sitima zilipo za mitundu iwiri, ya pamadzi ndi ya pamtunda, ndipo chinthu choboola nthaka n'kumayenda mumdima sichili mwa ziwirizi.

"Achimwene, chimene mudakwera inu si sitima ayi," ndidatero. "Mudakwera mfuko."

Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti. Ndidayembekeza kuti aweramitsa mutu, koma iye adaseka kuposa onse.

"Mwalasa, achimwene," adayankha. "Koma mfuko wake ngwa magetsi, ndipo mbatata za anthu zimagona mwamtendere."

Dzina loti Mfuko lidamukhala, ndipo adalivala ngati jekete ya ukwati. Lidayenda mpaka m'maesiteti a fodya, kotero kuti matenanti amene sadamvepo za sitimayo adayamba kubwera kudzafunsa kuti bambo wokwera mfuko ndi uti. Iye ankawalandira ndi manja awiri, n'kuyambiranso madandaulo ake a mipando yolimba. Malo anga pa benchi sadawalande ndi dzanja. Ndidangopeza anthu atamuzinga, ine ndili kumapeto, phazi limodzi litapondera pansi kuti ndisagwe. Nditayesa kutchula za mlatho wa pa Shire, mnyamata wina adandipempha mwaulemu kuti ndidikire kaye a Mfuko amalize.

Masiku ano misa ikatha ndimalunjika kunyumba, ndipo wondifunsa ndimamuuza kuti ndi maondo. Mayi a kunyumba amatsalira komweko. Akafika amandisimbira zonse mwatsatanetsatane, ngakhale sindinafunse.